Mbale za Malume

Lachiwiri, 3 Juni

Malume atuluka m'chipatala lero. Kachotupa ka pakhosi kaja akachotsa bwinobwino, koma dokotala walamula kuti asayankhule mpaka adzawaonenso. Ngakhale kunong'ona, ayi. Munthu woti moyo wake wonse wadyera pakamwa.

Azakhali, akazi awo, awapatsa sileti ya mdzukulu ndi choko. Ndimayesa mawu oyamba alemba "madzi" kapena "zikomo". Alemba: LAMULUNGU NDANI?

Akunena pologalamu yawo ya jazi ku wayilesi kwathu, Lamulungu lililonse masana, maola awiri. Anaiyamba ine ndikuvalabe yunifolomu ya ku pulayimale. Omvera amawatchula a Singano, poti iwo za kompyuta amakana, nyimbo iliyonse amaika pa mbale ya galamafoni. Ine kumeneko ndimawerenga zidziwitso: maliro, misonkhano, ziphaso zotayika. Ntchitoyo anandipezera ndi iwo omwe.

Ndacheuka kuti ndione amene akumufunsa. Choko chimaloza ine.

Ndawauza kuti jazi sindiidziwa, ndimangoimva ikudutsa ndikamachapa. Alemba UIDZIWA, afufuta ndi chigongono, alembanso: MBALE UZIGWIRA M'MBALI. Basi, mlandu watha. Azakhali amangoseka pakhomo la khitchini.

Lachitatu, 4 Juni

Bokosi la mbale lafika kwathu, pamodzi ndi kagalamafoni kakang'ono kophunzirira. Kulemera ngati muli njerwa. Kondakitala wa minibasi anafunsa ngati ndikusamuka.

Ndathera madzulo ndikuyang'ana zikuto. Amuna a masuti, utsi wa fodya, wina watupitsa masaya pa lipenga ngati chule. Kuseri kwa chikuto chilichonse malume anadutsamo ndi pensulo, nyimbo zina anachonga, zina anakhwatcha. Ndaika imodzi ndikusita. Piyano, besi, ng'oma. Palibe woimba mawu. Bambo a kunyumba amvera pang'ono, kapu ya tiyi ili m'manja, kenako afunsa mwaulemu ndithu kuti kodi anthuwa akuyesabe zingwe, nyimbo yeniyeni iyamba liti. Ndawauza kuti yatsala pang'ono kutha.

Koma pali kanthu kena. Chapakati wa piyano amakhala ngati walakwitsa, kenako n'kubwerezanso kulakwa komweko, dala. Munthu angachitirenji zimenezo? Ndaibweza ndi kuibwezanso. Kolala ya shati ndaipsereza.

Lachinayi, 5 Juni

A Manijala andiitana mu ofesi. Afunsa za malume, apepesa, kenako atseka chitseko. Chitseko chimenecho chikatsekedwa sipakhala zabwino.

Akuti akuluakulu akumana kumapeto kwa mwezi, ndipo anyamata a pologalamu ya mpira akhala akulirira maola awiri amenewo. Akuti omvera a malume iwo amawadziwa onse ndi nkhope zomwe, "ndipo ena mwa iwo, mayi, mwawerenga kale zidziwitso za maliro awo inu nomwe." Sindinaseke. Koma sananame.

Zimene akufuna: nditsegule pakhomo. Ndiziika chilichonse chokhala ndi fungo la jazi, kaya muli gitala yamagetsi, kaya woimba mawu, kaya ndi chamba chanji, bola achinyamata aimbe foni. Akuti jazi si tchalitchi. Foni zikalira, iwo akhala ndi ponenera pa msonkhano. Zikapanda kulira, mpira.

Ndaimbira azakhali. Akuti ndisawauze malume bala lisanapole. Ndiye ndili ndi bokosi la munthu m'nyumba, nkhani yake ili m'mimba.

Loweruka, 7 Juni

Sukulu kwa malume. Mphunzitsi wosayankhula.

Andikhazika pa mpando wa pakati pa masipika awiri, aika mbale, andigwira dzanja. Ndi chala chawo amagogoda pa mkono wanga motsatira besi, dum dum dum dum, ngati munthu akuyenda pa msewu wopanda changu. Ndikayamba kutsatira lipenga amandifinya. Alemba: SIYA WOLONGOLOLAYO. TSATA WOYENDA. Ndatsata. Ndipo mwadzidzidzi ndamva. Kanyimbo koyambirira kaja sikanapite kulikonse. Aliyense amachoka, kukazungulira kutali, koma woyendayo amasunga njira ya kunyumba, ndipo pomaliza onse amatulukira pakhomo nthawi imodzi. Ndachita tsemwe. Malume aona, agwedeza mutu, ayamba kulemba za maso a nkhono ndi kudekha, choko n'kuthyoka asanamalize.

Kenako malamulo. Gitala yamagetsi ayi. Ng'oma za makina ayi. Oimba mawu amalola awiri okha, onse anamwalira kalekale. Ndafunsa ngati jazi ya masiku ano kulibe. Angokweza mapewa. Azakhali akuti kwa malume nyimbo zinatha chaka chimene anawakwatira iwo, ndipo mpaka lero sadziwa ngati n'kuwayamikira kapena kuwanena.

Ndimafuna kufunsa kuti mpanda wa malamulowo anaumanga pamenepo ndani. Anthu a pa zikutowo, m'masiku awo, sanali nawonso anyamata osamva? Sindinafunse. Munthu wa bandeji pakhosi sutsutsana naye.

Lamulungu, 8 Juni

Pologalamu yanga yoyamba yatheka. Singano ndinaitsitsa pakati pa nyimbo. Mbale yachiwiri ndinaiyendetsa pa liwiro lolakwika, sakisofoni n'kulira ngati udzudzu. Ndinapepesa ndi mawu anga a zidziwitso aja, ngati ndikulengeza maliro a nyimboyo.

Foni zinalira zitatu. Ziwiri anali munthu mmodzi, a Telala, amene akuti sanaphonyepo pologalamuyi chiyambire. Koyamba anaimba kudzandikonza katchulidwe ka dzina la wa ng'oma. Kachiwiri kudzafunsa za thanzi la mnzawo, paja akuti onse ndi a singano. Yachitatu inali ya bambo wina wotaya chiphaso, anazindikira mawu anga.

Chimene sindimadziwa: nyimbo zimenezi n'zazitali, ndiye umangokhala wekha mu situdiyo, kababu kofiira katazima, mahedifoni kumutu, osachita kanthu. Zaka zonsezi ndimayesa malume amapita ku ntchito Lamulungu. Amakamvera nyimbo, ife tikumvera nawo pa zenera.

Lolemba, 9 Juni

A Manijala podutsa: "Zitatu." Sanaime n'komwe.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinaperekeza bambo a kunyumba kokameta. Ndikudikira pa benchi, m'sipika ya wometa munatuluka nyimbo imene inandiimitsa makutu. Mayi akuimba m'chiyankhulo chathu chomwechi, za mwamuna wochedwa kubwera kunyumba. Gitala yamagetsi. Ng'oma zoti munthu utha kuvina. Koma pansi pake, woyenda uja. Yemweyo. Dum dum dum dum. Ndipo chapakati mayiyo anasiya kuimba, lipenga linachoka kukazungulira, n'kubwerera pakhomo.

Wometa akuti ndi gulu la msuweni wake, limaimba ku hotela Lachisanu, koma mawayilesi onse amalikana. A nyimbo zovina amati n'zovuta. A jazi amati... anandiyang'ana pa galasi, osamaliza. Amadziwa kuti ndine ndani. Nyimboyo wanditumizira pa foni.

Ndiye ndi jazi kapena si jazi? Mwana akabadwa ndi mphuno ya agogo ake koma kavalidwe kali kena, si wa m'banjamo?

Lachinayi, 12 Juni

Ndawaikira malume nyimbo ija pa foni. Gitala itangolira atambasula dzanja ngati wapolisi wa pamsewu. Pa besi sanafike n'komwe. Alemba: ICHI CHAKOMA ICHI CHAKOMA. Zotsalazo, za pusi wogwa chagada, sanavutike kulemba, anangondiloza.

Ndinatsala pang'ono kuwauza za mpira. Azakhali anandiponda phazi.

Loweruka, 14 Juni

Ndachapa, ndayanika, ndayanula, maganizo okha sakuuma. Ndikaika ya mayi uja pa wayilesi, malume ndawapweteka. Ndikapanda kuika, ndawaphera pologalamu ndi ulemu wanga womwewo. Bambo a kunyumba akuti ndingoika basi, malume sangandikalipire, alibe mawu. Ndawauza kuti nthabwala imeneyo akaseke okha panja.

Ndasankha zitatu za pa foni: ya gulu la ku hotela, ya kwaya ina yoimba ndi piyano yopenga, ndi ya gitala ya kudziko lakutali imene sindidziwa n'komwe chamba chake.

Lamulungu, 15 Juni

Ndaika.

Ndinayamba ndi mbale za malume monga mwa masiku onse, kenako, osalengeza kanthu, ndinatsegula ya mayi uja. Isanathe foni inayamba kuphethira. Sindinaionepo ikutero ngakhale tsiku la zotsatira za mayeso.

Oyamba a Telala. Sanakweze mawu, n'chimene chinandipweteka. Anati, "Mwana wanga, mwathira mchere mu tiyi wa munthu wodwala." Anadula. Achikulire ena awiri anatsata njira yomweyo, mmodzi anafunsa ngati ndasokoneza mabatani. Koma enawo anali ambiri: madalaivala, atsikana a mu saluni, wometa ndi makasitomala ake akukuwa kumbuyo. Ochuluka amangofuna ndiwaperekere moni. Ena amapempha nyimbo zachikondi zoti ndi jazi sizinakumanepo ngakhale pa maliro. Pamenepo ndinaona chimene malume amaopa. Ukatsegula pakhomo salowa mlendo yekha, nkhuku nazo zimalowa.

Mmodzi ndi amene ndikumuganizirabe. Namwino, ali pa ntchito. Akuti wayilesi ya mu wodi mwawo inafa batani, imangogwira yathu yokha. Chinamuimitsa ndi mawu a mayi uja, koma iye amafunsa za nyimbo imene inatsatira, ya piyano yokhayokha, yakalekale, ya m'bokosi la malume. Akuti zaka zonsezi zoterezi zimalira mu wodimo Lamulungu, koma lero ndi pamene wazimva. Anafuna dzina lake, ndinamutchulira pang'onopang'ono akulemba.

A Manijala atumiza chala chachikulu pa foni. Kwa malume sikunachokere kanthu.

Lolemba, 16 Juni

Azakhali: gitala itangolira malume anadzuka, anazula pulagi kukhoma, anakakhala panja pansi pa mtengo mpaka dzuwa kulowa. Supu sanamwe. Pa sileti sanalembepo kanthu chichokere dzulo. Akuti chikwatirane sanaonepo wayilesi yozima m'nyumbamo Lamulungu masana.

Zidziwitso za lero ndawerenga maganizo ali kwa malume.

Lachitatu, 18 Juni

Ndapita kwa malume. Ndawapeza akupukuta mbale zimene zinatsala kwawo, imodziimodzi, ndi kansalu kofewa. Moni wanga auyankha ndi chikope. Ndakhala pansi pambali pa mpando wawo, ngati kale ndikaswa kapu, ndipo ndawauza zonse: msonkhano, anyamata a mpira, foni zitatu zija. Azakhali anangondiyang'ana.

Malume anaika kansalu pansi. Kenako anayamba kulemba, sileti ikadzaza n'kundionetsa, n'kufufuta, n'kupitiriza. Mmene ndikukumbukira:

NYIMBO ZAKOZO ZILI NDI MAWAYILESI ONSE, TSIKU LILILONSE. IZI ZILI NDI MAOLA AWIRI. LERO WAIKA ZITATU, MAWA ZISANU, MKUJA LIDZATSALA DZINA LOKHA. WOFUNA IZI ADZAPITA KUTI?

Ndinati nanga maola awiriwo akapita ku mpira, adzapita kuti? Alemba: NGATI N'KUFA, POLOGALAMUYI IFE ILI NDI NKHOPE YAKE.

Ndinawauza za namwino uja. Anamvetsera, ndinaona, koma anangobwerera ku kansalu kawo.

Pobwerera m'minibasi ndinayendayenda m'mawayilesi onse pa foni, kuchokera kuno mpaka uko. Zovina, zovina, ulaliki, zovina, mpira, zachikondi. Akunena zoona, zawozo kulibe. Koma ya mayi uja nayonso sindinaipeze paliponse. Iwo akuti "zakozo" ngati zonse za kunja kwa bokosi lawo ndi mtundu umodzi.

Lachisanu, 20 Juni

Kuchipatala, ine ndi malume, azakhali atsala akudandaula mwendo. Dokotala waunika pakhosi ndi kachitsulo kowala. Nkhani yabwino: kachotupa kaja sikanali koopsa. Nkhani inayo: mawu adzabwera, koma pang'onopang'ono, osasa, ofooka, ndipo zoyankhula maola awiri pa maikolofoni aiwale kaye. Ndinafunsa kuti "kaye" ameneyu ndi wautali bwanji. Dokotala anayang'ana malume, osati ine, n'kunena kuti sangalonjeze kuti mawu akale aja adzabweranso.

Malume anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, anachivalanso. Panja anakana minibasi, tinayenda wapansi. Anaima pa sitolo ya zolembera, analowa, anatuluka ndi bokosi lathunthu la choko. Amene analira ndine, pakhomo pa sitolo pompo, iwo akundisisita pamsana ngati wodwala ndi ineyo.

Loweruka, 21 Juni

Wometa anandilondolera kumene gulu la msuweni wake limayeserera, mu galaja ya kuseri kwa malo otsukira magalimoto. Ndinapitira funso limodzi.

Wa besi ndi bambo wamkulu thupi, imvi m'ndevu, masana amakonza mafiriji. Ndinamufunsa kumene anatenga kayendedwe kaja. Anaseka. Akuti pa wayilesi, Lamulungu, kwa a Singano. Ali mnyamata ankagwira tsache ngati besi, kutsatira mbale ndi mbale, ndipo ankadziwa kuti sabata yamawa adzazipezanso zomwezo pamalo omwewo. Nditamuuza kuti ndi malume anga anandigwira dzanja ndi manja awiri.

Ndimayembekeza kuti akhala mbali yanga. Ayi. Akuti akanakhala kuti malume ankasakaniza, mwina khutu lake silikanakhwima, likanangoyendayenda ngati la ana a masiku ano. Kenako anayamba kupukuta zingwe. "Komabe," anatero, "akanaika yathu kamodzi kokha mayi anga ali moyo, akanakhulupirira kuti mwana wawo si woyendayenda chabe."

Akuti anatumizapo sidi ya nyimbo zawo ku wayilesi, dzina la a Singano lili pamwamba. Sanamvenso kanthu.

Anayeserera nyimbo yatsopano ndili pompo, malata akunjenjemera, mayi woimba uja ali ndi mwana kumbuyo. Ndatuluka ndi mafunso ochuluka kuposa amene ndinalowa nawo.

Lamulungu, 22 Juni

Ndinayesa nzeru: ola loyamba za malume zokhazokha, lachiwiri zosakaniza. Mpanda pakati.

Mapanga awiri avumbwitsa. Ola loyamba litatha a Telala anaimba kudzatsanzika mwaulemu, akuti tsopano azimitsa. Ola lachiwiri achinyamata analowa ngati anthu a shifiti ina. Sanakumane n'komwe pakhomo. Namwino uja sanaimbe. Zinali ngati ukwati woti akuchimuna adyera chipinda china, akuchikazi china.

Azakhali akuti wayilesi inali yoyatsa ola loyamba. Lachiwiri malume anaitsitsa kwambiri, koma pulagi sanazule. Ndawauza azakhali za wa besi ndi tsache lake kuti akawafotokozere iwo. Amadziwa nthawi yowauzira zinthu amuna awo.

Lachiwiri, 24 Juni

A Manijala andipatsa kafulashi kodzaza nyimbo, akuti imeneyo ndiyo jazi yomwe anthu amakonda. Msonkhano ndi Lolemba likubwerali. Ndamvera. Sakisofoni yotsekemera ngati mankhwala a chifuwa a ana, ng'oma za makina, mtundu wa zija amakuikira ukaimba foni ku ofesi n'kukuuza kuti udikire. Palibe woyenda, palibe wochoka, palibe wobwerera. Sindizifuna.

Ndipo ndinene chilungamo pano popanda wondiona: mbale ina imene malume anaichonga mwamphamvu mpaka pensulo kuboola chikuto, ya wa lipenga wothamanga ngati akumuthamangitsa agalu, nayonso sindiifuna. Akungodzionetsera.

Ndiye kuti ndayamba kukhala ndi khutu langalanga? Lachokera kuti? Mwezi uno poyamba zonsezi zinali phokoso limodzi.

Lachinayi, 26 Juni

Bambo a kunyumba ndawagwira akuimba mluzu ya piyano ija posamba. Akukana.

Loweruka, 28 Juni

Azakhali awauza za wa besi. Malume akuti anangolemba TSACHE? kenako anapita kukasakatula m'kabati ya pansi. Chimene amafuna azakhali sakuchidziwa.

Ine ndaganiza. Mawa palibe mpanda. Ndisakaniza, koma zimene khutu langa lavomera. Ngati ifa, ife nditayesa.

Lamulungu, 29 Juni

Nditafika ku situdiyo ndinawapeza atakhala kale. Suti, chipewa, chikwama cha mbale pamiyendo, sileti pambali. Mpando wa pa maikolofoni anandisiyira, iwo anakhala pafupi ndi galamafoni. Sindinadziwe ngati abwera kudzathandiza kapena kudzalondera.

Ndinatsegula ndi ziwiri zawo. Singano anatsitsa okha, dzanja losagwedera ngakhale pang'ono. Kenako ndinawaonetsa foni, pali ya mayi uja. Ndinati, "Malume, yotsatira ndi iyi." Ndinadina.

Gitala italira anatseka maso, nkhope ngati ya munthu womwa mankhwala owawa. Koma ulendo uno sakanathawira pansi pa mtengo, mahedifoni ali kumutu. Besi inalowa. Ndinaona chala chawo chikuyamba chokha pa bondo. Chapakati anatsegula maso, anatsegula chikwama mwachangu, kusakatula, kutulutsa mbale imene sindinaionepo, kuiika, singano ili m'mwamba. Nyimbo ikupita kumapeto ndinafuna kutsegula maikolofoni kuti ndilengeze. Anandimenya pa dzanja. Anawerenga ndi mutu, n'kutsitsa singano.

Besi ya mu galaja ija inatha, besi ya munthu amene anamwalira ine ndisanabadwe inapitiriza pomwepo, phazi lomwelo, ngati wina wamulandira mnzake katundu pa njira osaima. Msoko sunaoneke.

A Telala anaimba. Akuti amafuna kuzimitsa koma sanapeze pozimitsira, kodi yoipa ija yathera pati? Ndinawauza kuti msokowo asoka anzawo, ali pompano. Kenako anati, "Achimwene, muli bwanji?" Malume anawerama, anagogoda maikolofoni kawiri ndi chikhadabo. A Telala anati amva, anadula msanga.

Kuchokera pamenepo zinali zofunsana ndi kuyankhana. Ine ndiika yanga, iwo ayankha ndi yawo. Ya kwaya anaiyankha isanafike n'komwe pakati. Ya gitala yakutali ija inawakanda m'mutu, koma anapeza. Pofuna kuwasangalatsa a Manijala ndinaikako imodzi ya mu kafulashi kawo. Malume anapinda manja. Nyimbo inatha, iwo osaika kanthu, wayilesi inangokhala duu tauni yonse ikumva, mpaka ndinayamba kubwebweta za nyengo. Pa sileti: IMENEYO NDI YA M'SITOLO. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke pa maikolofoni.

Foni zimene zinalira sindinawerenge. Potuluka malume anatambasula dzanja, ndimayesa akufuna ndiwagwire potsika masitepe. Amafuna foni yanga, ndi timahedifoni take tomwe. Anaika m'thumba la jekete, anakwera minibasi.

Lolemba, 30 Juni

Msonkhano watha masana. A mpira atenga theka la ola. Zotsalazo n'zathu, ationera mpaka chaka chithe: ine pakamwa, malume pa singano. A Manijala afunsa za duu uja wa dzulo, ndati makina. Afunsa za kafulashi kawo, ndati ndikumverabe.

Nditaweruka ndinapita kukawauza, ndi kukatenga foni yanga. Azakhali ananditsegulira chala chili pamlomo. Akuti chichokere m'mawa ali pabalaza, tiyi wazizira kawiri.

Ndinawapeza atawerama, timahedifoni m'makutu, choko m'manja. Ndinawauza za theka la ola lija. Anakwinya nkhope, anakupiza dzanja ngati nkhani imeneyo ndi ya mawa. Kenako ananditembenuzira sileti.

WA LIPENGA ALI BWINO. MAYIYO ASAMAMEZE MAWU. WA BESI AKUTHAMANGA CHAKUMAPETO. MUUZE ABWERE LOWERUKA, NDI BESI YAKE.

Ndinatambasula dzanja kuti andipatse foni. Anandiyang'ana, n'kubweza nyimbo poyambira.